Bill Russell: Katswiri pa Bwalo, Nanga pa Benchi?

Moni inu a ku Mitundu, a ku Nathenje, a ku Malingunde, ndi nonse okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Yakwana nthawi ya nkhani ya zamasewero, ndipo lero mpira wamiyendo tiupumitsa kaye. Tikamba za basketball, mpira wamanja woponyera mu mkombero uja. Ndikudziwa kuti ena dzanja lafika kale pa wailesi kuti musake kwina. Dekhani pang'ono, poti funso la lero ndi lanu lomwe. Timu ya pamudzi ikafuna mphunzitsi, kaya ndi ya sukulu kaya yopikisana nawo pa chikho cha aphungu, sitichedwa kuloza chala: apatseni aujeni, paja masiku awo ankagoletsa koopsa. Kodi n'zoona kuti wodziwa kusewera ndiye wodziwanso kuphunzitsa?

Poyankha funsoli ndasankha munthu amene ukatswiri wake palibe angautsutse. Dzina lake ndi Bill Russell, wa ku America. Adasewera zaka 13 mu ligi yaikulu ya NBA, timu imodzi yokha ya Boston Celtics, ndipo m'zaka 13 zimenezo adatenga chikho ka 11. Mwamva bwino, ka 11. Adaphunzitsanso matimu atatu, ndipo zimene zidatuluka kumeneko n'zimene zandichititsa kubwera naye pano.

Russell adabadwa pa 12 Febuluwale 1934 ku Monroe, m'chigawo cha Louisiana, kumene tsankho kwa anthu akuda linkachitika dzuwa likuswa mtengo. Banja lake lidasamukira ku Oakland, ku California, iye akadali mwana, ndipo mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka 12. Musaganize kuti mwanayu adangogwira mpira n'kuyamba kuzunguza anzake. Adali wamtali, wowonda, manja ndi miyendo zosamvana. Asanafike ku sekondale adayesa mwayi pa timu ya sukulu yake, adamusiya. Ku sekondale ya McClymonds nkhani ikadathera pomwepo pakadapanda mphunzitsi wina, a George Powles. Timu ya achisodzera inali ndi malo 15 ndi mayunifolomu 15. A Powles adamutengabe Russell ngati munthu wa nambala 16, n'kumabwerekana yunifolomu ndi mnzake. Chodabwitsa n'chakuti a Powles sadali kadaulo wa basketball. Masewero awo enieni adali baseball. Chimene adali nacho ndi diso loona mwana amene anzake akumuseka, ndi mtima womuuza kuti asasiye.

Atamaliza sekondale mu 1952, Russell adapita nawo pa ulendo wa timu ya achinyamata imene inkasewera m'matauni a kumpoto chakumadzulo kwa America mpaka ku Canada. Mwini wake adadzafotokoza pambuyo pake kuti pa ulendowu ndi pamene maso ake adatsekuka. Akakhala pa benchi kapena m'basi, ankatsinzina n'kumabwereza m'mutu mmene wosewera wina wapondera phazi, mmene watembenukira, mmene wanyamulira mpira. Akatero ankadzifunsa kuti ine ndiime pati kuti ndimutsekere njira. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Yunivesite imodzi yokha ndiyo idamupatsa malo a maphunziro aulere, University of San Francisco, munthu wina dzina lake Hal DeJulio atamuona akusewera. Sukuluyi nthawi imeneyo inalibe ngakhale nyumba yakeyake yosewereramo. Timu inkachita kubwereka bwalo la sekondale ina. Kumeneko wothandizira mphunzitsi, a Ross Giudice, ankatsala naye maola ambiri kumuphunzitsa zinthu zoyambirira, kaimidwe, kaponyedwe, kalandiridwe ka mpira. Timu yosowa bwaloyi, pansi pa mphunzitsi Phil Woolpert, idatenga chikho cha mayunivesite onse a ku America mu 1955 ndi mu 1956, n'kupambana masewero 55 ondondozana Russell ali momwemo. Chaka chomwecho cha 1956 adatsogolera timu ya dziko lake ku masewero a Olympic ku Melbourne, ndipo mu fainolo adakwapula Soviet Union 89 kwa 55.

Tsono ndifotokoze chimene munthuyu ankachita pa bwalo, chifukwa sichinali chimene masapota ambiri amaimbira m'manja. Russell adali wamtali mamita 2.08, koma sadali wogoletsa wamkulu. Pa masewero alionse ankapeza mapointi ongopitirira 15 pang'ono. Ntchito yake inali iwiri. Yoyamba, mpira ukaponyedwa n'kulephera kulowa, umadunda pa mkombero kapena pa bolodi, ndiye pamakhala kulimbirana kuti autenge ndani. Osewera amati ribaundi. Russell adatola maribaundi 21,620 pa moyo wake wa mu NBA, ndipo tsiku lina mu 1960 adatola 51 m'masewero amodzi. Yachiwiri inali kuphula mpira m'malere mdani akangouponya. Aphunzitsi a nthawi imeneyo ankalangiza kuti wotchinga wabwino mapazi ake sachoka pansi. Russell sadamvere, ankadumpha. Ndipo sankaumenyera kunja kwa bwalo kuti anthu akuwe. Ankangoukhudza ndi nsonga za zala kuti ugwere mnzake, mnzakeyo liwiro kukagoletsa mbali inayo adani asanabwerere. NBA idayamba kuwerenga mipira yophulidwa chotere mu 1973, Russell atapuma kale. Ndiye kuti luso lake lalikulu kwambiri m'mabuku a ziwerengero mulibe.

Amene adazindikira mtengo wa ntchito yotereyi ndi mphunzitsi wa Boston, a Red Auerbach. Mu 1956 adapereka osewera awiri, Ed Macauley ndi Cliff Hagan, ku timu ya St. Louis Hawks kuti apeze Russell. Boston inali ndi ogoletsa kale, monga Bob Cousy ndi Bill Sharman, koma chikho inali isanachilawe. Russell atafika, chikho choyamba chidabwera mu 1957. Mu 1958 adavulala kakolo mu fainolo ndipo adagonja. Kuchokera 1959 mpaka 1966 chikho sichidachokenso ku Boston, zaka zisanu ndi zitatu zondondozana, chinthu chimene palibe timu ina idachitapo mu NBA.

Mdani wake wamkulu adali Wilt Chamberlain, chimphona cha mamita 2.16. Pa 2 Malichi 1962 Chamberlain adagoletsa mapointi 100 yekha m'masewero amodzi, ndipo chaka chimenecho ankapeza mapointi oposa 50 pa masewero alionse. Koma osewera anzawo atavota kusankha katswiri wa chaka, adasankha Russell. Iwo ndi amene ankakumana naye pansi pa mkombero, ankadziwa kumene kukuchokera mavuto awo. Awiriwa kunja kwa bwalo ankadyera limodzi, koma mpikisano sunkatha. Mu 1965 Chamberlain atasaina malipiro a madola 100,000 pa chaka, Russell adapempha 100,001, ndipo adampatsa.

Musaganize kuti zikho zonsezi zidamutchinjiriza ku tsankho. Mu 1961 ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, anzake akuda adakanizidwa chakudya pa hotela imene timu idafikira, ndipo Russell ndi anzakewo adakana kusewera, n'kukwera ndege kubwerera kwawo. Nyumba yake ku Reading, kufupi ndi Boston, anthu adaithyola n'kulemba mawu achipongwe m'makoma. Mu 1963 adali nawo pa ulendo waukulu wa ku Washington umene Martin Luther King adalankhulapo, ndipo mu 1967 adakhala pambali pa Muhammad Ali ku Cleveland pamene Ali adakana kupita ku nkhondo ya ku Vietnam. Kuno ku Africa adafikako mu 1959, kuphunzitsa ana basketball ku Libya, Ethiopia ndi Liberia, ndipo ku Liberia adadzagulako munda wa mitengo ya rabala.

Tafika tsono pa nkhani ya benchi. Mu 1966 a Auerbach adatopa ndi uphunzitsi. Adafunsa osewera awo akale, Frank Ramsey, Bob Cousy ndi Tom Heinsohn, onse adakana. Mapeto ake udindo udagwera Russell mwini, kuti aziphunzitsa uku akusewera. Adakhala munthu wakuda woyamba kuphunzitsa timu mu NBA. Atolankhani adafika pomufunsa ngati adzathe kulamulira osewera achizungu mopanda tsankho, funso limene mphunzitsi wachizungu sankafunsidwa za osewera akuda.

Taganizani ntchito yake. Analibe womuthandizira pa benchi. Iye yemweyo athamange pafupifupi masewero onse, iye yemweyo aone amene watopa kuti amutulutse, iye yemweyo awerenge mafaulo a anzake. Chaka choyamba Boston idapambana masewero 60 n'kugonja 21, koma Philadelphia ya Chamberlain idawatulutsa mu ndime ya mapuleyofu, yolimbirana chikho, itapambana masewero 4 kwa 1, ndipo mndandanda wa zikho uja udaduka. Anthu adati basi, nkhalamba zatha. Mu 1968 adakumananso ndi Philadelphia, masewero oyamba akuchitika tsiku lotsatira kuphedwa kwa Martin Luther King. Boston idatsalira 3 kwa 1, n'kupambana masewero atatu otsalawo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo mu NBA. Kenaka idagonjetsa Los Angeles Lakers n'kutenga chikho.

Cha 1969 ndiye chokoma kusimba. Russell adali ndi zaka 35, maondo akudandaula. Boston idathera pa nambala 4 m'chigawo chake. Lakers inali ndi Jerry West, Elgin Baylor, ndi Chamberlain yemwe adali atasamukira kumeneko. Fainolo idafika pa masewero achisanu ndi chiwiri, kwawo kwa Lakers. Mwini timu ya Lakers, Jack Kent Cooke, adakonzeratu chikondwerero, n'kupachika mabaluni miyandamiyanda kudenga kuti adzagwe akapambana. Boston idapambana 108 kwa 106, mabaluni adatsala kudenga komweko. Russell adapuma pomwepo. Pa moyo wake adasewera masewero achisanu ndi chiwiri otere ka 10, osagonja n'kamodzi komwe.

Nkhani ikadathera apa, bwenzi tikuti funso lathu layankhidwa, katswiri ndiye mphunzitsi. Koma mu 1973 Russell adapita ku Seattle SuperSonics ngati mphunzitsi komanso mkulu woyendetsa timu, ulendo uno atavala jekete, osati yunifolomu. Mvetserani manambala awa. Ku Boston, m'zaka zitatu, adapambana masewero 162 n'kugonja 83. Ku Seattle, m'zaka zinayi, adapambananso 162 yemweyo, koma adagonja 166. Kupambana kofanana, kugonja kowirikiza kawiri ndendende. Tisamunamizire, zabwino adachitako. Mu 1975 adafikitsa Seattle mu ndime ya mapuleyofu koyamba m'mbiri ya timuyo, ndipo mu 1976 adasankha mnyamata wosadziwika, Dennis Johnson, amene adadzakhala katswiri wa fainolo ya 1979. Koma ubale wake ndi osewera udali wovuta. Wogoletsa wamkulu wa timuyo, Spencer Haywood, adagulitsidwa ku New York mu 1975, ndipo Russell adachoka mu 1977. Timu yomweyo, pansi pa Lenny Wilkens, idafika mu fainolo mu 1978 n'kutenga chikho mu 1979. Patapita zaka khumi chichokereni ku Seattle, Russell adayesanso ku Sacramento Kings. Adapambana 17, kugonja 41, ndipo adamuchotsa pa benchi mu Malichi 1988 chaka cha ligi chisanathe.

Chidasintha n'chiyani? Maganizo anga ndi awa. Ku Boston, mphunzitsi Russell adali ndi wosewera wina dzina lake Russell. Chimene mutu wake waganiza, thupi lake lomwe linkakachita. Adalinso ndi John Havlicek, Sam Jones, Satch Sanders, anthu amene adakulira m'manja mwa a Auerbach, odziwa kale kumene aliyense aime popanda wowauza. Timu yotere imafuna mtsogoleri, ndipo utsogoleri Russell adali nawo wosefukira. Ku Seattle ndi ku Sacramento kunkafunika chinthu china, munthu wofotokoza, wobwereza chinthu chimodzi kakhumi kwa mnyamata amene sakuchimva, osapsa mtima. Paja ndidati musunge mfundo ija ya m'basi. Russell zambiri adaziphunzira yekha, atatsinzina, m'mutu mwake. Nzeru yobwera chotere imavuta kuipatsira wina. Alimi a fodya mundimvetsa. Alipo madala ena amene akangogwira tsamba adziwa kale giredi yake, koma muwapatse mwana kuti amuphunzitse kusankha, amangoti kodi iwe sukuona? Dzanja likudziwa, koma pakamwa mawu palibe.

Onaninso mnzake wa Russell, K.C. Jones. Adasewera limodzi ku San Francisco, ku Melbourne ndi ku Boston. Jones adali munthu wofatsa, mapointi ake pa masewero sankafika ndi 8 omwe. Atapuma adayamba pansi, kuphunzitsa ku yunivesite, kukhala wothandizira aphunzitsi ena, ndipo adadzatengera Boston zikho ziwiri, mu 1984 ndi 1986, atakhala pa benchi. A Auerbach amene adatenga zikho zisanu ndi zinayi ngati mphunzitsi sadasewereko mu NBA. Sindikunena kuti katswiri sangaphunzitse. Lenny Wilkens uja adali katswiri pa bwalo, ndipo pa benchi adapambana masewero 1,332. Ndikunena kuti uphunzitsi ndi ntchito ina payokha, yofunika kuiphunzira monga mmene munthu adaphunzirira kusewera.

Ulemu Russell adaulandira, ndipo udamuyenera. Mu 2009 mphoto ya wosewera bwino mu fainolo ya NBA idatchedwa dzina lake. Mu 2011 pulezidenti Barack Obama adamuveka mendulo yapamwamba ya dziko lake. M'nyumba ya akatswiri a basketball adalowa kawiri, mu 1975 ngati wosewera, mu 2021 ngati mphunzitsi. Ulemu wachiwiriwu ine ndimauona ngati wa zikho ziwiri za ku Boston ndi khomo limene adatsekulira aphunzitsi akuda, osati wa ku Seattle kapena Sacramento. Adamwalira pa 31 Julayi 2022 ali ndi zaka 88, ndipo NBA idalamula kuti nambala 6 imene ankavala isadzaperekedwenso kwa wosewera watsopano mu timu iliyonse.

Tibwerere kwathu. Wina anena kuti nanga Kinnah Phiri bwanji, amene adagoletsera Flames zigoli 71, n'kudzaitengeranso timuyo ku Angola mu 2010 kumene tidathambitsa Algeria 3 kwa 0? Zoona. Koma Kinnah sadachoke pa bwalo n'kukhala mphunzitsi wa Flames m'mawa mwake. Adayamba waphunzitsa makalabu zaka zambiri, kuno ndi kunja, kuphatikizapo Bullets imene adaifikitsa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004. Ntchitoyo adachita kuiphunzira.

Ku basketball yathu nakonso zinthu zikuyenda. Ku Lilongwe kuli kalabu ya Bravehearts imene a Griffin Kalua adayambitsa mu 2015, imene imatenga achinyamata, anyamata ndi atsikana, kuwaphunzitsa mpira uku ikuwathandiza sukulu. Mu 2024 idakhala timu yoyamba ya ku Malawi kufika mu ndime ya Elite 16 pa mpikisano wolowera mu Basketball Africa League, ku Nairobi. Ligi imeneyi idayamba mu 2021 ku Kigali, ndipo NBA yomwe ija ya Russell ili nawo m'kati. Ndiye kuti njira yochokera pa bwalo la ku Lilongwe kukafika kumene akatswiri amadyera mpirawu ilipo, si maloto.

Funso n'lakuti mwana wa ku Mitundu kapena wa ku Nathenje njirayo aipeza bwanji. Ana aatali m'midzi yathu alipo, tonse timawaona, aja timawaika kumapeto kwa mzere pa asembule ndi kuwapatsa maina owaseka. Mphamvu ndiye osanena. Mnyamata wokankha njinga ya nkhuni kuchokera ku Dzalanyama mpaka m'tauni sangatope ndi mphindi 40 za basketball. Kuchedwa kuyamba nakonso si chifukwa. Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria ndi Joel Embiid wa ku Cameroon onse adayamba mpirawu ali ndi zaka pafupifupi 15, ndipo onse adadzakhala katswiri wa chaka mu NBA. Bwalo? Mkombero wa basketball umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, chimodzimodzi wa ntchemberembaye umene waima kale pa sukulu zathu zambiri. Chowonjezera ndi bolodi ndi malo osalala oti mpira uzidunda. Ulipo ngakhale mtundu wa osewera atatu mbali iliyonse, wofuna mkombero umodzi wokha pa theka la bwalo, ndipo umaseweredwa ku Olympic kuyambira masewero a ku Tokyo.

Chimene chikusowa kwambiri ndi a Powles ndi a Giudice athu. Maina awiriwa ambiri mwawamva koyamba lero, koma popanda iwo zikho 11 zija kukadakhala kulibe. Mmodzi adali mphunzitsi wa sekondale wodziwa masewero ena, winayo wothandizira chabe. Kuno tili ndi mwayi umene madera ambiri akumudzi alibe. Koleji ya Bunda ili pakhomo pathu pomwepa, ndipo ophunzira ake amasewera basketball m'mipikisano ya makoleji. Inu ana athu a ku Bunda amene mumaudziwa mpirawu, simukuyenera kukhala akatswiri kuti muphunzitse mwana wa sitandade 7 kudunditsa mpira ndi dzanja lamanzere. Loweruka limodzi pa mwezi pa sukulu ina yoyandikana nanu lingakwane poyambira. Inu akuluakulu a BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, maphunziro a aphunzitsi a masewerowa asamathere m'tauni mokha. Itananiko aphunzitsi a ku Mitundu, a ku Nathenje ndi a ku Malingunde, ngakhale amene sadaugwirepo mpirawo.

Ndipo inu aphunzitsi aakulu, mafumu ndi makomiti a sukulu, pamene mukusankha woyang'anira timu, ya mpira uliwonse, musangofunsa kuti adagoletsa zingati masiku ake. Mpatseni ana khumi masana amodzi, inu muime patali muone. Muone ngati akufotokoza kapena akungokalipa, ndiponso ngati mwana wosachedwa kugwetsa mpira uja akumubwezera mu mzere kapena akumuuza kuti akakhale pansi pa mtengo. Mukatero musankhe.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.